Za Chiswe ndi Nyumba Zathu, Kale ndi Makono

Mwa zirombo zonse zimene zimasautsa munthu pa khomo pache, palibe china chogwira nchito yache mwakachetechete monga chiswe. Fisi akadza ku khola agalu amauwa, moto ukagwira tsindwi utsi umaitana mudzi wonse. Koma chiswe chimadya mtanda wa nyumba m'kati mwache miyezi yambiri, nichisiya khungu lokha la kunja, ndipo mwini nyumba amagona pansi pa mtandawo osadziwa kanthu kufikira tsiku limene mphepo ya mkuntho idzauyesa. Tsono popeza ambiri a ife kuno ku Kasina, ndi m'midzi ya ku Linthipe ndi ku Chongoni, tamanga nyumba za njerwa ndi malata zimene zatidyera ndalama za fodya ndi za kachewere za zaka zambiri, ndayesa kuti nkwabwino tikumbutsane mbiri ya nkhondo imeneyi: umo adaimenyera makolo athu, zida zimene adabwera nazo alendo, ndi zimene zatsalira ife lero kuti tisankhepo.

Mudzi wa m'chulu

Tiyambe ndi kumdziwa mdaniyo. Azungu akale ankatcha chiswe nyerere zoyera, koma dzinalo lidaphonya: chiswe si mbale wa nyerere iai, mbale wache ndiye mphemvu, ndipo akatswiri atatu a ku London adatsimikiza chibalechi m'chaka cha 2007. Mitundu ya chiswe yodziwika pa dziko lonse lapansi iri ngati 3,000, ndipo yochuluka mwa iyo siikhudza nyumba ya munthu konse. Chakudya chache ndi udzu wouma, masamba ofota ndi mitengo yakugwa m'thengo.

Chulu ndi mudzi wokhala ndi mfumu, ankhondo ndi anchito. Pakati penipeni, m'kachipinda ka dothi louma gwa, mumagona manthu pamodzi ndi mwamuna wache. Manthuyo sayenda, popeza mimba yache imatupa kufikira kutalika ngati chala cha munthu wamkulu kapena kuposa, ndipo nchito yache ndi imodzi, ndiyo kuikira mazira usana ndi usiku. Manthu wa mtundu waukulu amatha kuikira mazira 20,000 pa tsiku limodzi, nakhala moyo zaka zopitirira 10. Agang'a a mitu ikuluikulu aja ndiwo alonda. Anchito, amene alibe maso, ndiwo amakumba njira, kusenza dothi ndi kudya mitengo yathu. Ngumbi ndizo ana a ufumu. Zimatuluka mvula ikagwa, nizithothola mapiko, niziyenda ziwiriziwiri, ndipo ziwiri zimene zapulumuka ku mbalame, achule ndi miphika yathu zimalowa pansi kukayamba mudzi watsopano. Mmodzi wa oyamba kulongosola dongosolo limeneli kwa anthu a ku Ulaya adali Henry Smeathman, amene adakhala zaka zingapo ku Sierra Leone, nalembera bungwe la Royal Society ku London m'chaka cha 1781; koma makolo athu adali atawadziwa kale manthu, agang'a ndi ngumbi, aliyense ndi dzina lache.

Chodabwitsa choposa ndi ichi, chakuti chiswe cha m'chulu ndi mlimi. Mtengo wouma ndi chakudya chosagayika msanga m'mimba. Tsono anchito amautafuna, naumba nao timaguwa tokhala ngati zisa za njuchi m'zipinda za chulu, ndipo pa timaguwato pamamera bowa wa mtundu wache wache amene amafewetsa mtengowo kuti udyeke. Mvula ikalowa pansi bowayo amaboola dothi natulukira kunja, ndiye utale ndi anzache amene amai amazula pa chulu ndi m'mbali mwache. Katswiri wa ku France, Roger Heim, adatcha fuko la bowa ameneyu Termitomyces m'chaka cha 1942. Potero mai wozula bowa pa chulu akukolola m'munda wa chiswe.

Kufooka kwa chiswe kuli pa khungu lache, pakuti ndi lofewa, ndipo dzuwa ndi mphepo youma zimachipha msanga. Chifukwa chache sichiyenda poyera, koma chimadzimangira timisewu ta dothi lonyowa pa khoma kapena pa mtengo, nichibwerera pansi kukatenga chinyezi. Ndiponso chimapita kutali. Ku Kajiado m'dziko la Kenya, Johanna Darlington adafukula ndi kulondola njira za chulu chimodzi, nalemba m'chaka cha 1982 kuti zidafika ngati mamita 50 kuchokera pa chulucho, ndi kuti kuziphatikiza pamodzi zidakwana ngati makilomita 6. Ilipo mitundu inanso ing'onoing'ono yosamanga chulu chooneka, imene zisa zache zimabisala pansi pa nthaka, ngakhale pansi pa nyumba yomwe tigonamo.

Umo adachitira makolo

Nyumba ya makolo athu idali yozungulira, ya nsichi, mbariro, luzi, dothi ndi udzu. Ndipo zonsezi, kupatula dothi lokha, ndi ndiwo za chiswe. Komabe anthu aja sadali opanda nzeru. Podula nsichi ndi nsanamira ankasankha mitengo ya mtima wolimba monga muwanga ndi mlombwa, naleka yofewa, ndipo ena ankawaula ndi moto tsinde lolowa pansi. Amai ankazira ndi kukulungiza pansi kawirikawiri, ndipo pozirapo ankaona kanjira kali konse katsopano ka chiswe, nakaphwanya kasanafike ku tsindwi. Moto unkayaka m'nyumba momwemo usiku uli wonse, utsi nudetsa mapaso ndi udzu, nuziumitsa. Nkhokwe ankaikweza pa miyala kuti mphepo ipite kunsi ndi kuti diso lione, nathira phulusa pozungulira miyalayo. Mphasa ndi zikopa sankazisiya pansi kukacha, koma kuziimika kapena kuzipachika.

Koma chida chao chachikulu chidali ichi, chakuti nyumba siinkamangidwa kuti ikhale muyaya. Patapita zaka zowerengeka, nsichi zikadyeka m'tsinde, mwini wache ankaitana abale ndi anansi, mowa nufulidwa, ndipo nyumba yatsopano inkaimirira pambali pa yakale masiku ochepa. Mwini nyumba akamwalira, kawirikawiri nyumbayo inkagwetsedwa; nthaka ikaguga, mudzi wonse unkasamuka. Thengo lidali pafupi, ndipo mtengo sunkagulidwa. Chotero chiswe chinkadya nyumba imene mwini wache adali pafupi kuisiya, ndipo mlandu wa awiriwa sunkakula.

Ndiponso chulu chidali chuma. Chulu cha m'munda mwa munthu chidali chache cha munthuyo, ndipo kugwira ngumbi pa chulu cha mwini osapempha udali mlandu. Nyengo ya ngumbi ikayandikira, eni ache ankalambula chulu, nachifunda ndi timitengo ndi udzu, nakwirira mphika pa malo amodzi owala kumene ngumbi zimathamangira. M'mawa mwache kukazinga, kuyanika ndi kupeta mapiko, ndiye ndiwo zonona zosungika masiku ambiri. Kufikira lero ngumbi zimagulitsidwa m'misika ya ku Dedza ndi ku Lilongwe nyengo ya dzinja. Dothi la chulu ankalimwaza m'munda wa mchenga kuti mbeu zikondwe, naumbira ndi kumatira nalo. David Livingstone adasimba m'buku lache la m'chaka cha 1857 kuti tsiku lina adapatsa mfumu ina ya Abayeiye, anthu a kufupi ndi nyanja ya Ngami, mkate ndi zipatso zosungidwa m'shuga, naifunsa ngati kwao kuli chakudya chokoma chotero. Ndipo mfumuyo poyankha idamfunsa iye ngati adalawapo ngumbi. Mdani wa tsindwi adali bwenzi la mphika, ndipo makolo adadziwa kukhala naye.

Alendo ndi nyumba zokhalitsa

Nkhondo idakula pamene anthu adayamba kumanga nyumba zoti zikhale zaka makumi ambiri, ndi kusungamo zinthu zosatoleka m'thengo. Azungu adali atalawa kale ukali wa chiswe kwina. Pa chisumbu cha St Helena, pakati pa nyanja ya Atlantic, chiswe chachilendo chidafika cha m'ma 1840 m'matabwa a chombo cha ogula akapolo, chimene chidagwidwa nichiphwasulidwa pa doko. Zisanathe zaka 30, nyumba zambiri za mzinda wa Jamestown zidali zitaonongeka, mabuku atadyeka, ndipo zina adazimanganso ndi chitsulo.

Kuno kwathu mishoni ndi Boma zidakomana ndi mdani wotereyu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa ndi njerwa zootcha kuyambira 1888 kufikira 1891. Mishoni ya Nkhoma idayamba m'chaka cha 1896, ya Mua 1902, ya Bembeke 1910, ndi pambuyo pache ino ya Kasina. Ndipo kuli konse kumene mishoni idakhazikika, nyumba zoyamba za mitengo ndi udzu zidalowedwa m'malo ndi za njerwa, anyamata a m'midzi naphunzira kuumba, kuotcha, kucheka matabwa ndi kupala. Njerwa yootcha chiswe sichiidya. Koma chimadutsa m'matope omangira pakati pa njerwa, nichikwera mobisika kufikira pa mphuthu za zitseko, pa mazenera ndi pa mitanda ya denga. M'nyumba ya nsichi mai wozira ankauona msewu wa chiswe, koma m'nyumba ya njerwa msewuwo uli m'kati mwa khoma.

Amisiri adafunafuna mtengo wosadyeka, naupeza pa phiri la Mulanje, ndiwo mkungudza, umene mafuta ache onunkhira chiswe chimadana nao. Alexander Whyte adakwera phirilo m'chaka cha 1891, ndipo dzina la mtengowo m'mabuku a akatswiri, Widdringtonia whytei, likumbutsa iyeyo. Matabwa ache adagwira madenga a nyumba zambiri za ku Zomba ndi ku Blantyre. Koma ubwino wache womwewo udauphetsa: udadulidwa zaka zoposa 100, moto wolusa nuonjeza, kotero kuti mitengo ikuluikulu yatha pa phiripo, ndipo anthu akubzala mbande kuti mtunduwo usafe. Pamene waya wa lamya unkadutsa dziko lino m'zaka za m'ma 1890, kuchokera ku Tete kudzera ku Blantyre mpaka ku Karonga, mizati yache idali ya chitsulo, yosenzedwa ndi amtengatenga. Ndipo njanji zambiri za mu Africa zidagonekedwa pa zitsulo m'malo mwa mitengo chifukwa cha chiswe chomwechi.

Komabe mwa alendo aja mudali mmodzi amene adachinenera chiswe zabwino. Henry Drummond, mphunzitsi wa ku Scotland, adakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1883, nayenda pa nyanja kufikira ku Karonga ndi ku mapiri a kumpoto. Iye adaona mitengo ya m'nkhalango yokutidwa ndi dothi lofiira kufikira ku nthambi, nakumbukira zimene Charles Darwin adalemba m'chaka cha 1881, kuti ku Ulaya nyongolotsi ndizo zimatembenuza nthaka. M'buku lache lotchedwa Tropical Africa, la m'chaka cha 1888, Drummond adaphunzitsa kuti kuno nchito imeneyo imagwiridwa ndi chiswe: chimakweza dothi la pansi, mvula ndi mphepo nizilitsitsanso pamwamba pa nthaka, ndipo chimachotsa mitengo yakufa imene ikadatseka nkhalango. Akatswiri a makono avomereza zambiri za ganizoli, naonjeza kuti njira za chiswe zimathandiza madzi a mvula kulowa m'nthaka.

Nyengo ya mankhwala aukali

Mankhwala oyamba kutchuka adali a phula la malasha, otchedwa creosote, amene John Bethell wa ku England adapeza njira yowakankhira m'kati mwa mtengo m'chaka cha 1838. Kumwera kwa Africa kudabweranso makina okhala ngati mvukuto wa osula, ouzira m'chulu utsi wa arsenic ndi sulfure zotenthedwa pa makala. M'chaka cha 1933 Sonti Kamesam wa ku India adasakaniza mkuwa, chromium ndi arsenic, ndiwo mankhwala a CCA, amene amapatsa mitengo yonyikidwamo maonekedwe obiriwira aja.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Paul Müller wa ku Switzerland adapeza mphamvu ya DDT m'chaka cha 1939, ndipo nkhondo itatha padatsatira chlordane, aldrin ndi dieldrin. Anthu adayesa kuti nkhondo ya chiswe yatha. Mmisiri akathira dieldrin m'maziko asanaike simenti, nyumba inkakhala pa mtendere zaka 20 kapena 30. Nyengo yomweyo minda ya paini wa ku Mexico idakula pa phiri la Dedza ndi ku Chongoni, ndipo bulugamu wa ku Australia adafala m'midzi. Mitengo iwiriyi imakula msanga ndi kuongoka bwino, ndipo ndiyo yagwira madenga athu ambiri. Koma chiswe chimaikonda, ngakhale mbande za bulugamu chimazidya mizu zikali zazing'ono. Chotero pamene muwanga ndi mlombwa zinkasowa, tidatsamira pa mitengo yofewa ndi pa mankhwala oitchinjiriza.

Koma walira mvula walira matope. Mphamvu imene idakhalitsa mankhwalawa m'maziko ndi yomweyo idawaletsa kuola. Ankatsalira m'nthaka, nakokoloka kulowa m'mitsinje, nalowa m'nsomba, m'mbalame, m'mafuta a nyama ndi a munthu, kufikira mu mkaka wa m'mawere. Rachel Carson wa ku America adachenjeza anthu m'buku lache lotchedwa Silent Spring m'chaka cha 1962, ndipo maiko adayamba kuwaletsa limodzi limodzi. M'chaka cha 2001 maiko adachita pangano ku Stockholm la kuletsa kapena kuchepetsa mankhwala 12 osaola, mwa iwo aldrin, dieldrin, chlordane ndi heptachlor. Panganolo lidayamba kugwira nchito m'chaka cha 2004, ndipo Malawi ali momwemo. DDT adamlekera nchito imodzi, ya kupha udzudzu ndi tizirombo tina tofalitsa matenda. Kuno kwathu lamulo la mankhwala ophera tizirombo la m'chaka cha 2000 lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene limalemba m'kaundula mankhwala ololedwa ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi opopera.

Olowa m'malo mwa dieldrin sakhalitsa monga iye, ndipo nao ali ndi zilema zao. Chlorpyrifos adagwiritsidwa nchito kwambiri m'maziko, koma adapezeka kuti amaononga ubongo wa ana osabadwa ndi aang'ono, ndipo maiko a European Union adamletsa m'chaka cha 2020. Fipronil ndi imidacloprid chiswe sichiwazindikira, tsono chimadutsa m'dothi lothiridwalo nichitengera imfa kwa chinzache; koma mphamvu yao ndi ya zaka zowerengeka, onse awiri amapha njuchi, ndipo fipronil amaphanso nsomba. Nyambo zoika pansi zimene zimathandiza ku America sizigwira bwino pa chiswe chathu cholima bowa.

Tisankhe bwanji lero?

Choyamba, mwini nyumba azindikire chimene chamlowera. Akaona dothi pa khoma kapena m'kati mwa thabwa, chimenecho ndi chiswe chochokera pansi. Akaona ufa wosalala ukuthothoka m'timabowo ta mtengo popanda dothi, timeneto ndi tizirombo tina tofumbwa mitengo, ndipo kuthira mankhwala m'nthaka chifukwa cha ito nkutaya ndalama. Agogode mitanda ndi mphuthu ndi chogwirira cha mpeni. Mtengo wodyeka umalira ngati ng'oma, ndipo msomali umalowamo wopanda nyundo.

Chachiwiri, alondole msewu wa dothiwo kufikira pamene walowera. Kawirikawiri ndi pa mng'alu wa simenti, polumikizana pansi ndi khoma, pa khonde kapena chipinda choonjezera pambuyo, polowa mpope wa madzi, kapena pa nsanamira yozikidwa m'dothi. Kupopera chiswe chooneka ndi maso kumapha mazana angapo, ndipo manthu amaikira mazira ochuluka chotero m'ola limodzi. Polowera ndipo pali mlandu.

Chachitatu ndi nchito zosalira ndalama, ndipo ndizo zimene ambiri amazinyoza. Nkhuni, mapesi, matabwa otsala ndi zitsa zisakhale pafupi ndi khoma. Madzi a pa denga ndi a m'bafa apatsidwe ngalande yowachotsa pa maziko. Dothi la maluwa lisakwere khoma, koma maziko aoneke masentimita 15 pozungulira nyumba yonse, kuti msewu wa chiswe ukayamba uoneke. Matumba a chimanga akhale pa thandala, ndipo kabati isatsamire khoma. Ndidaona pa sukulu ina ya m'mudzi kabati yotsekulidwa ana atabwera ku tchuthi: zikuto za mabuku zidali chiriri monga mwa masiku onse, koma m'kati mwache mudali dothi lokhalokha, ndipo kaundula wa ana wa zaka zambiri adapita pamodzi nazo. Makalata a ubatizo ndi a ukwati, ziphaso za sukulu ndi mapepala a malo zisungidwe m'bokosi la chitsulo lotseka bwino.

Chachinai ndi mtengo. Mtanda wodyeka uchotsedwe, pakuti palibe mankhwala obwezera mphamvu yache. Wogula watsopano afune umene mankhwala adaukankhira m'kati ndi makina, ndipo poudula ayang'ane ngati alowadi, napake pa malo odulawo. Mankhwala opaka ndi bulashi amagwira khungu lokha, tsono afunika kubwereza. Oilo wakutha wa galimoto, amene ambiri amamkhulupirira, salowa patali mu mtengo, ndipo amaipitsa nthaka ndi madzi. Zidutswa za mitengo yobiriwira ya CCA zisasonkhezedwe pa moto wophikira ngakhale pang'ono, popeza utsi ndi phulusa lache ziri ndi arsenic. Nsanamira ikhale pa mwala kapena pa simenti, ndi kachidutswa ka lata kopindira pansi pakati pao. Latalo silipha chiswe, koma limachikakamiza kumanga msewu wache poyera. Amene angathe, mafelemu a chitsulo a zitseko ndi mazenera amachotsa nkhawa imodzi.

Chachisanu ndi chulu. Chikakhala pafupi ndi nyumba, ndipo misewu ichokera komweko, nkoyenera kuchikumba kufikira manthu ndi mwamuna wache atapezeka. Ndipo mvula yotsatira akayang'anenso, popeza nthawi zina mudziwo umalera manthu wina. Koma ngati chodya nyumba ndi chiswe ching'onoching'ono chija chosamanga chulu, wokumbayo wataya ngumbi ndi bowa wa zaka zambiri, nyumba yache ikudyekabe. Ndipo chulu chikakhala m'munda mwa mnzathu, tiyambe tapempha kwa mwini wache, ngati nkofunika pamaso pa mfumu, kuti pothawa chiswe tisaputenso mlandu.

Chachisanu ndi chimodzi ndiwo mankhwala a m'nthaka. Nthawi yao yabwino ndi pomanga, maziko atakumbidwa, simenti ya pansi isanathiridwe. M'nyumba yoimirira kale pafunika kukumba kangalande m'mbali mwa maziko, ndipo nthawi zina kuboola simenti ya m'kati. Imeneyo ndi nchito ya munthu wodziwa, wokhala ndi chiphaso, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wa kuona chiphasocho ndi botolo lomwe. Mankhwala agulidwe m'sitolo yololedwa, m'botolo lomata, lokhala ndi dzina ndi malangizo ache. A m'timabotolo topanda dzina ta pa msika angakhale oletsedwa aja, kapena osungunulidwa ndi madzi, ndipo mwana akawamwa a ku chipatala sadzadziwa chimene wamwa. Safunsa adadya phula. Alangizi a zaulimi alipo, tiwafunse. Muyeso wolembedwa usapitirire. Asathire pafupi ndi chitsime kapena mjigo, kapena mvula iri pafupi kugwa, kapena pa malo ophikira. Wothirayo avale zotchinga manja ndi mphuno, ana ndi nkhuku akhale kutali kufikira dothi litakwiriridwa, ndipo botolo lotha lisasandutsidwe lotungira madzi kapena losungira mafuta ophikira. Mapiritsi ofukizira chimanga aja asaikidwe m'nyumba yogona anthu; mpweya wao wapha mabanja m'maiko ambiri, ndipo manthu ali kutali pansi sumfika.

Tsono poyesa zonsezi, aliyense ayang'ane nyumba yache ndi thumba lache. Wa nyumba ya mdindo kapena ya zidina ndi udzu asathere ndalama za feteleza pa botolo la mankhwala. Njira za makolo, kuzira, kuumitsa, kukweza ndi kuyang'ana, zimkwanira, pamodzi ndi nsanamira zabwino. Womanga nyumba ya njerwa asaumire pa maziko ndi pa mitanda kuti agulire utoto, pakuti utoto ungadikire chaka china, koma maziko sakumbidwa kawiri. Wa nyumba yolowedwa kale ayambe ndi kupeza polowera, aumitse, asinthe mtengo wodyeka, ndipo pomwepo aone ngati mankhwala afunikabe. Ndipo tonse tibzale muwanga, mlombwa ndi mitengo ina ya mtima wolimba m'malire a minda yathu; imakula pang'onopang'ono, koma adzukulu athu adzafuna nsanamira monga ife.

Zaka zoposa 100 za creosote, arsenic, dieldrin ndi fipronil sizidathetse chiswe, ndipo tikamvera Drummond sitifunanso kuti chithe m'thengo ndi m'munda. Chimene tifuna ndi malire pakati pa mudzi wache ndi wathu, ndipo malirewo amasungidwa ndi diso la mwini nyumba. Mwezi wa Okutobala kapena wa Novembala, mvula isanagwe, bambo ndi mai azungulire nyumba yao kunja ndi m'kati, asunthe makabati ndi matumba, akwere kukagogoda mitanda, aphwanye kanjira kali konse ka dothi, ndipo patapita masiku atatu abwerenso pomwepo. Kanjirako kakamangidwanso, mdani ali m'nyumba, ndipo nchito iyambe tsiku lomwelo.

Mphunzitsi,
Kasina.